Zaulere za pa intaneti: muzitchula dziko poyambirira

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndinenepo za mauthenga a zinthu zaulere amene adzaza m'mafoni masiku ano. Pempho langa n'limodzi basi: aliyense wolengeza kapena wopatsira mnzake uthenga wotere, kaya ndi wa bandulo, maphunziro, mpikisano kapena katundu, azilemba pamwamba penipeni dziko limene mwayiwo ukugwira ntchito. Ku depoti kondakitala amakuwa kuti "Monkey Bay! Namwera! Liwonde!" munthu usanakwere. Sadikira kuti ulipire, minibasi inyamuke, kenako n'kukuuza kuti sikupita kwanu.

Ine ndili ndi kashopu pa Mangochi Boma pano. Ndimasindikiza makalata, kupanga fotokope ndi kuthandiza anthu kulemba mafomu pa kompyuta, ndiye mathero a mauthengawa ndimawaona ndi maso. Mnyamata amabwera thukuta lili kamukamu, wapalasa njinga kuchokera kutsidya kwa mlatho, akuti amalume ake a ku Joni amutumizira mwayi wa maphunziro aulere. Timayamba: dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu, imelo. Ngati alibe imelo timayamba tamutsegulira. Tijambule satifiketi ya MSCE, tiyichepetse chifukwa akuti yakula, tidikire netiweki. Tsamba lomaliza likufuna nambala ya chitupa ya manambala 13. Chitupa cha manambala 13 ndi cha nzika za South Africa. Chathu cha NRB n'chachifupi ndipo chimasakaniza zilembo ndi manambala. Fomu ija imakana, pofiira. Mnyamata amandiyang'ana ngati ndalakwitsa ndine, n'kunena kuti, "Achimwene, tayesaninso." Tiyesenso chiyani? Bandulo yapita, ya fotokope walipira, ndipo dzina lake, nambala yake ya foni ndi satifiketi yake zatsala kumeneko, m'manja mwa anthu amene sadzamupatsa kalikonse.

Kuno ku Mangochi vutoli n'lalikulu chifukwa pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi ana ake ku South Africa. Abale athuwo satumiza mauthengawa mwa nkhanza. Kwa iwo zinthuzo zimathekadi, chifukwa nambala zawo zimayamba ndi +27 ndipo sitolo yake ili pafupi ndi kumene amakhala. Zikafika pa +265 zimasanduka nkhambakamwa. Bandulo yaulere ya MTN kapena Vodacom ingamuthandize chiyani munthu wa ku Malindi, poti makampani amenewa m'Malawi mulibe? Zosokoneza kwambiri ndi za Airtel, imene ili m'mayiko 14 a mu Africa muno. Chizindikiro n'chimodzimodzi, kufiira kwake komwe kuja, koma zimene yalengeza Airtel ya ku Kenya kapena ya ku Zambia sizikhudza simu ya kuno. Munthu amangoona chithunzi, osaona kuti mitengo yalembedwa mu shilingi. Za ku Zambia ndiye zimapusitsa zedi, poti nakonso ndalama yawo ndi kwacha.

Chitsanzo china: mu 2021 Netflix inayamba kuonetsa ena mwa mafilimu ake mwaulere pa mafoni a Android ku Kenya, ndipo inasiya mu 2023. Inali nkhani yoona, yosanama ngakhale pang'ono. Koma mukachotsapo mawu oti Kenya n'kungosiya "Netflix yaulere", yasanduka bodza kwa Mmalawi aliyense woiwerenga. Mauthenga ambiri amafika otero, atadulidwa mutu. Woyamba analemba bwino, wachiwiri anajambula pakati pokha, wachitatu anawonjezera kuti "fulumirani".

Sindikunena kuti makampaniwa alibe zifukwa zosankhira mayiko. Malamulo a mipikisano ndi maere amasiyana dziko ndi dziko, n'chifukwa chake mipikisano yambiri ya ku America imalola okhala m'dzikomo okha. Ufulu woonetsa filimu kapena mpira umagulidwa chigawo ndi chigawo. Katundu amene akuti atumiza ulere, nthawi zambiri ndi ulere wa m'dziko mwawo momwemo. Kuti afike kuno pamafunika ndalama ya ndege, ndipo akafika angathe kulipitsidwanso msonkho wa MRA. Zonsezi n'zomveka. Mwini chinthu amagawira amene wafuna.

Chimene sindikuchimvetsa ndi kudikira mpaka kumapeto. Makampaniwa amadziwa kumene tili tisanalembe ndi chilembo chimodzi chomwe. Foni iliyonse ikalowa pa intaneti imakhala ndi nambala yotchedwa IP, imene imaonetsa dziko limene munthu ali. Nambala ya foni imaulula dziko, manambala oyambirira a khadi ya kubanki nawonso amaulula banki ndi dziko lake. Ndiye chikuwavuta n'chiyani kunena pa tsamba loyamba kuti Malawi mulibe? Ine ndimaganiza kuti ena amachitira dala, chifukwa mayina, maimelo ndi manambala a anthu ndi malonda paokha. Ukafika pokanidwa, iwo apeza kale chimene amafuna.

Alipo anyamata ochenjera amene amati yankho ndi VPN, pulogalamu yochititsa kuti foni izioneka ngati ili ku London kapena ku Johannesburg. Pena zimatheka polowa pokha. Koma ikafika nthawi yoti akutumizire nambala yachinsinsi pa foni ya dziko limenelo, kapena yoti ulembe adiresi yolandirira katundu, nzeru zija zimathera pomwepo, ndipo makampani ambiri malamulo awo amawalola kutseka akaunti ya munthu wonama dziko. Komanso tisaiwale zaulere zija zimene zimafuna kaye khadi ya Visa, akuti mwezi woyamba sudzalipira. Mwezi wachiwiri amadula okha, m'madola, chonsecho kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene ali ndi Mpamba kapena Airtel Money yokha, popanda khadi, sayandikirako n'komwe, koma uthenga sunanene zimenezo.

Choopsa china n'chakuti chisokonezochi chikuthandiza akuba. Munthu akazolowera kuti fomu iliyonse imafuna chitupa ndi nambala kenako n'kukana popanda chifukwa chomveka, sasiyanitsanso kampani yeniyeni ndi kamberembere amene akungotolera manambala kuti mawa aimbe foni yoti mwawina, tumizani kaye kangachepe. Ena agwiritsidwa fuwa la moto kambiri mpaka anasiyiratu kukhulupirira chilichonse, ngakhale mwayi umene Amalawi akuloledwadi, monga thandizo la maphunziro la Chevening kapena la Commonwealth. Amenewa ndiye amachita bwino: mndandanda wa mayiko oyenera amauika poyera, munthu amayang'ana dzina la dziko lake asanataye nthawi.

Ndikudziwa kuti MACRA kapena CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda, sangakaitanitse kampani ya ku California kuti idzayankhe mlandu ku Lilongwe. Koma pa makampani ndi otsatsa malonda a m'dziko muno mphamvu ali nazo, ndipo malamulo athu amaletsa kutsatsa kosocheretsa ogula. Athunso nthawi zina amalengeza zaulere zimene zimapezeka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu kokha, osanena kuti wa ku Makanjira asavutike. Mabungwewa, pamodzi ndi CAMA, bungwe loimira ogula, atati azikumbutsa anthu za nkhaniyi pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, zingathandize.

Inunso akonzi, mukamasindikiza nkhani za mwayi wa maphunziro kapena mipikisano, muzifufuza kaye ngati Amalawi akuloledwa, ndipo muzitero m'ndime yoyamba. Kwa azichimwene ndi amalume athu a ku Joni, tikuthokoza potikumbukira, koma musanatumize uthenga kumudzi tsegulani kaye, muone ngati pa mndandanda wa mayiko pali Malawi, ngati tsiku lotsekera silinadutse, ndiponso ngati sakufuna khadi ya kubanki. Mukapeza kuti ndi za South Africa yokha, lembani choncho pamwamba, kapena ingotumizirani anzanu amene muli nawo konko.

Ine wanu,
Wosindikiza makalata,
Mangochi Boma