Sutikesi ya agogo

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, iwe, alamu ndi ana. Kuno tilipo, mvula yokha ndiyo yachedwa.

Ukuwakumbukira agogo aamuna aja ankatithamangitsa ndi ndodo tikamaika misomali pa njanji ku Luchenza? Sabata yatha ndinapita kukaona azakhali, ndipo ananditulutsira sutikesi ya malemuwo. Munali nyali ya galasi lofiira ndi lobiriwira, chipewa chothimbirira ndi mafuta, ndi chithunzi chimodzi ataima pafupi ndi injini, ali mnyamata woonda. Tinacheza mpaka tambala woyamba.

Ine ndinkangodziwa kuti anali dalaivala wa sitima. Kani anayambira pa kupukuta mainjini ku Limbe, kenako anatha zaka zambirimbiri akusonkhezera moto. Masiku amenewo mpando wa dalaivala unali wa azungu ndi amwenye, munthu wakuda chake chinali fosholo. Azakhali akuti pomwe pankalira munthu ndi pa chikweza chochokera kuchigwa cha Shire, kudutsa Makhanga, Sankhulani ndi Sandama, motsata mtsinje wa Ruo. Ukangopumira pang'ono kuponya malasha m'ng'anjo, nthunzi inkachepa, sitima n'kuima pakati pa phiri, katundu yense ali kumbuyo. Ikagwa mvula mawilo ankangozungulira pamodzimodzi mpaka athire mchenga pa njanji. Zipsera za m'mikono mwawo zija, ife tinkaziyesa mphini zija, anali makala amoto. Ndinangoti kakasi, misozi ili m'maso.

Njanji imeneyo inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika kupitirira makilomita 3 ndi theka, unatsegulidwa mu 1935. Usanamangidwe, anthu ndi katundu wopita ku Beira ankaoloka pa sitima ya pamadzi. Agogo akuti ankati ukauoloka usiku, pansi sipaoneka kanthu, umangomva chitsulo chikulira ndi madzi akuwinduka.

Mu 1960, antchito a njanji atanyanyala ntchito kufuna malipiro abwino, iwonso anaika fosholo pansi. Agogo aakazi anadyetsa ana ndi ndalama ya zitumbuwa mpaka sitalakayo itatha. Udalaivala anadzaupeza pambuyo pake, imvi zitayamba kale. Zimandiwawa kuti tinakhala nawo zaka zonse zija osawafunsa kanthu, tikungoona nkhalamba yaukali.

Azakhali nawo maso ayamba kuchita chidima, ndipo atsala okha odziwa nkhanizi. Ukabwera pa Khirisimasi unditengereko foni yojambula mawu bwino, tikakhale nawo pakhonde masiku awiri. Kenako ndikufuna tikafike ku Sankhulani, ndikachione ndi maso anga chikwezacho. Nyali ija ndabwera nayo, ndaitsuka, ikuyakabe.

Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa ku Luchenza