Wogwiriridwa asamabwezedwe kuchipatala chifukwa chosowa kalata ya apolisi

Akonzi,

Tiloleni tidandaule za chizolowezi chimene chikupweteketsa anthu ogwiriridwa: munthu kufika pachipatala n'kuuzidwa kuti ayambe wakatenga kalata kupolisi. Chithandizo sichiyenera kudikira kalata. Mankhwala a PEP, oteteza ku kachilombo ka HIV, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi apangozi oletsa kutenga mimba amathandiza mpaka maola 120, koma mphamvu yake imachepa tsiku lililonse.

Tangowerengani nthawi. Mtsikana wagwiriridwa Lachisanu usiku. Loweruka walimba mtima n'kuuza mayi ake. Lamulungu banja likusaka ndalama ya kabaza, kwinaku achibale akuti nkhaniyi ikambidwe kwa amfumu chifukwa wolakwayo ndi wapabanja pomwepo. Lolemba afika kuchipatala, abwezedwa. Pobwerako Lachiwiri ndi kalata ija, nthawi ya PEP yadutsa.

Umboni nawonso umatayika m'masiku omwewa. Ngati n'kotheka, munthu asasambe ndipo asachape zovala asanapimidwe. Kabudula wam'kati, chitenje kapena nsalu yogonera zikulungidwe m'pepala loyera kapena mu envulopu, chilichonse pachokha. Jumbo ayi: imasunga chinyontho, nkhungu n'kuwononga umboniwo. Koma amene wasamba kale asagwe mphwayi, apitebe; mankhwala a matenda opatsirana pogonana, kutsuka mabala ndi uphungu akuzifunabe.

China chotiwawa ndi kalembedwe ka lipoti. Ana ambiri ogwiriridwa sapezeka ndi bala lililonse popimidwa, poti ziwalo zobisika zimapola msanga. Wopima akangolemba kuti sanaone chilichonse, osafotokoza kuti kusowa kwa bala sikutanthauza kuti mwanayo akunama, mlandu umafooka kukhoti.

Malo a Chikwanekwane, monga a pa Queen Elizabeth ku Blantyre, anakhazikitsidwa kuti dokotala, wapolisi ndi wazachisamaliro cha anthu apezeke pakhomo limodzi. Wa kumudzi sangafikeko msanga. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti pachipatala chaching'ono chilichonse PEP azipezeka usiku ndi kumapeto a sabata, osati kutsekeredwa m'kabati mpaka Lolemba, ndipo namwino amene ali pantchito akhale ndi kiyi. Munthu athandizidwe kaye, kenako achipatala aitane a Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Ngati wogwiriridwayo ndi mwana, nambala yaulere yothandiza ana ya 116 ilipo.

Ogwira ntchito zaumoyo okhudzidwa,
Blantyre