Lipoti la msonkhano wokambirana za ana m'mafilimu a ngwazi zamphamvu zodabwitsa

Kwa a wapampando ndi mamembala onse a gulu lathu la alangizi a achinyamata,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano wa aphunzitsi, alangizi ndi opanga mafilimu womwe unachitikira ku Lilongwe. Za mayendedwe ndi ndalama ndatula kale kwa msungichuma, ndiye pano ndingolunjika pa zomwe tinakambirana, zomwe ndi mmene mafilimu a ku America a ngwazi zouluka ndi zokwera makoma amaonetsera ana ndi achinyamata.

Woyamba kulankhula anatiyalira mbiri mwachidule. Kale m'timabuku ta zithunzi, mwana ankangokhala wotsatira pambuyo pa ngwazi yaikulu, monga Robin amene anayamba kuoneka mu 1940 pambali pa Batman. Mu 1962 Stan Lee ndi Steve Ditko anabweretsa Spider-Man, mnyamata wa ku sekondale wokhala ku Queens mu mzinda wa New York, wamasiye woleredwa ndi bambo ake aakulu ndi akazi awo. Apa mwana anakhala mwini nkhani. Koma nkhaniyi itafika pa kanema, mwanayo ankaseweredwa ndi madoda. Tobey Maguire anali ndi zaka 26 pomwe filimu ya mu 2002 inkatuluka, ndipo Andrew Garfield anali ndi zaka 28 mu 2012. Mayi wina wophunzitsa ku sekondale anati zimenezi zimatipusitsa ife oonera: timaona thupi la munthu wokhwima likumenyetsedwa pa khoma, n'kuiwala kuti m'nkhanimo wopwetekayo ndi mwana wa sukulu.

Chomwe chinandigwira mtima, ndipo ndikufuna tichiganizire mofatsa, ndi kachigawo komwe anatioonetsa ka mu Captain America: Civil War ya mu 2016. Tony Stark, mpondamatiki, wakhala pa mpando m'nyumba mwa mayi olera Peter Parker, yemwe ndi Spider-Man uja, akuwanamiza kuti mwana wawo wapeza thandizo la ndalama. Kenako akulowa naye mnyamatayo kuchipinda, n'kumuuza kuti apite naye ku Germany. Mwanayo akuyankha kuti ali ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe. Oonera amaseka pamenepa, ndipo m'holo momwemo ena anasekadi. Kutsogoloku tikumuona mwana uja ali pakati pa nkhondo ya akuluakulu pa bwalo la ndege la ku Leipzig, mayi aja osadziwa kanthu.

Anzanga, munthu wachuma atabwera m'mudzi mwathu, n'kunamiza kholo, n'kutenga mwana kupita naye kunja kukachita ntchito yoika moyo pachiswe, tingathamangire kupolisi tikuti wazembetsa mwana. Ngakhale pangano la United Nations la mu 2000 limaletsa magulu a zida omwe si asilikali a boma kulemba aliyense wosakwana zaka 18. Koma filimu imaika nyimbo yokoma ndi nthabwala pamwamba, ndipo wonamizayo amasanduka ngati bambo wachikondi. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa ana ambiri omwe timakhala nawo ndi amasiye enieni, ena akulera okha azibale awo, ndipo uthenga womwe akulandira ndi wakuti mwana wabwino amasenza katundu wa akuluakulu mwakachetechete, osauza aliyense pakhomo.

Si onse anagwirizana nane. Wopanga mafilimu wina anati mwana amene amangolamulidwa tsiku lonse amapeza mpumulo akaona mnzake ali ndi mphamvu, ndipo anatchula Shazam! ya mu 2019, momwe Billy Batson wa zaka 14, wotayidwa ndi mayi ake, amadzapeza banja pakati pa ana anzake oleredwa m'nyumba imodzi ku Philadelphia. Anatchulanso Miles Morales, Spider-Man wina wa ku Brooklyn mu katuni ya mu 2018, amene makolo ake onse ali moyo, bambo ndi wapolisi, mayi ndi namwino. Apa ndinavomera. Filimu imatha kumupatsa mwana mphamvu popanda kuyamba yamuphera makolo.

Tinakambanso za Logan ya mu 2017, momwe Laura wa zaka 11 anapangidwa dala kuti akhale chida chophera anthu. Imeneyi sibisa mabala omwe nkhanza zimasiya mwa mwana, koma ku America anaiika m'gulu la mafilimu a akuluakulu. Kuno m'timavidiyo sho ta m'misika palibe amafunsa zaka pakhomo, ndipo omasulira m'Chichewa nthawi zambiri amathira nthabwala pomwe pakufunika kuti woonera adzidzimuke.

Msonkhano sunamange mfundo yoletsa ana kuonera, ndipo nanenso sindikupempha zimenezo. Ndikupempha kuti pa mkumano wathu wotsatira ndi achinyamata tionere limodzi kachigawo ka Tony Stark kaja, kenako tiwafunse kuti wanamizidwa ndani, wapindula ndani, nanga mwanayo akanauza ndani. Ndikupemphanso chilolezo cha a wapampando kuti awiri mwa ife akacheze ndi eni mavidiyo sho a pamsika wathu za mafilimu omwe amaonetsa masana ana akaweruka kusukulu. Amene angakonde kupita nane apereke dzina kwa mlembi.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu