Lipoti la msonkhano wa chilungamo pa nkhani za chuma, ndi za mlendo amene sanali pa ndondomeko

Bambo Mfumu, a wapampando, amayi ndi abambo a m'komiti yathu ya Chilungamo ndi Mtendere,

Munandituma kukakuimirani ku msonkhano wa dayosizi wa masiku awiri. Ndabwerako bwino. Ndiyambe ndi kupepesa kwa inu amene munanditumiza mafunso okhudza achinyamata osowa ntchito: gawo limenelo analidula nthawi chifukwa cha nkhani imene ndifotokoze m'munsimu, moti ndangobwera ndi mapepala ake.

Lachisanu linali tsiku lophunzira. Bambo wina wophunzitsa ku seminale anatiyambira pa kalata ya Papa Leo XIII yotchedwa Rerum Novarum, ya pa 15 Meyi 1891, imene inalembedwa pamene anthu ku Ulaya ankakhetsa thukuta m'mafakitale kuyambira mbandakucha mpaka mdima, ana omwe. Papayo anakana ganizo loti boma lilande katundu wa anthu, koma anakananso zoti bwana ali ndi ufulu wolipira chilichonse chimene wantchito wavomera. Mfundo iyi ndiyo inandigwira mtima. Munthu akavomera malipiro osakwanira chifukwa njala yamupanikiza ndipo alibe kwina kopita, kuvomera kumeneko n'kokakamizidwa, ndipo chilungamo sichinachitike ngakhale atasaina pepala. Kalata yomweyo imateteza ufulu wa antchito wokhala ndi mabungwe awoawo. Bambo aja anatiwerengera Deuteronomo 24:14-15, pamene akuti waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe, ndi Yakobo 5:4, pamene malipiro obisidwa a okolola akufuula. M'holo munangoti zii, chifukwa ambiri amene tinali mmenemo tili ndi wina amene amatigwirira ntchito pakhomo.

Makalata ena anangowadutsa mwachangu. Papa Pius XI mu 1931 anaphunzitsa kuti zimene gulu laling'ono lingathe kuchita lokha, lalikulu lisalilande koma lilithandize. Papa Paulo VI mu 1967 anati chitukuko ndi cha munthu yense wathunthu komanso cha anthu onse. Papa Yohane Paulo II, mu Centesimus Annus ya 1991, maboma achikomyunizimu atagwa kum'mawa kwa Ulaya, anavomereza msika ndi malonda koma pansi pa malamulo olimba oteteza munthu. Masana tinagawidwa m'magulu. Lathu linakamba za katapira ndi ngongole za maiko osauka, pokumbukira chaka cha ufulu cha pa Levitiko 25 ndi kampeni ya Jubilee 2000 yopempha kuti ngongolezo zikhululukidwe. Zolemba za magulu onse akuti adzatitumizira.

Loweruka mmawa, titangotuluka ku Misa, panafika galimoto zingapo. Anali mkulu wina amene akufuna kudzapikisana nawo pa chisankho chikubwerachi, ali ndi anyamata ovala makaka a chipani ndi ojambula awiri. Dzina lake ndi chipani chake sindizilemba, poti lipotili lizungulira m'mafoni ndipo m'komiti yathu yomwe muli anthu a zipani zosiyana. Pa ndondomeko imene tinalandira panalibe dzina lake. Iye anati anaitanidwa ndi mmodzi wa okonza msonkhano. Wapampando wa msonkhanowo anati sakudziwapo kanthu. Tinataya pafupifupi ola lathunthu tikukokanakokana. Ena ankati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, tiyeni timumve, ndi Mkatolika mnzathu ndipo amapereka chachikhumi ngati ife. Ena ankati tikamulola lero, mawa parishi iliyonse isanduka bwalo la kampeni. Anathetsa nkhaniyi ndi Asisteri ena achikulire. Anati alowe, koma makaka a chipani atsale panja, akhale pa benchi ngati wina aliyense, apatsidwe mphindi 10, kenako ayankhe mafunso. Ambuye Episkopi anavomera.

Kunena zoona, analankhula bwino. Anatchula Papa Fransisko kangapo, anadandaula za kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndipo m'manja munawombedwa. Zinavuta ndi mafunso. Mayi wina wa bungwe la antchito anaimirira n'kunena mofatsa kuti, “Bwana, dzulo taphunzira kuti wantchito ali ndi ufulu wolowa bungwe. Kodi a pakampani yanu ali nalo?” Mkuluyo anayankha kuti akalowa m'boma adzakonza lamulo. Mayiyo anati lamulo lilipo kale, iye akufunsa za pakampani. Yankho lachiwiri linazungulira ngati loyamba. Mnyamata wina anafunsa amene akulipira kampeni yake. Apo anangoseka, n'kuti ndi anthu akufuna kwabwino. Atatuluka anapempha chithunzi ndi Ambuye Episkopi, ndipo tisanadye n'komwe chamasana chinali kale pa Facebook, ndi mawu osonyeza ngati Mpingo wamudalitsa kuti akaimire. Za mafunso aja panalibe ngakhale liwu limodzi. Ofesi ya dayosizi inachita kutulutsa uthenga madzulo wofotokoza kuti Mpingo suli kumbuyo kwa wina aliyense.

Masana ndondomeko inasinthidwa kuti tikambirane zimene zachitikazo, ndipo mayi wophunzitsa ku yunivesite anatiuza kuti vutoli linafikapo ngakhale ku Vatican. Pa 15 Epulo 2016, Bernie Sanders, seneta wa ku Vermont amene ankalimbirana ndi Hillary Clinton mwayi woimira chipani cha Democratic pa chisankho cha pulezidenti wa America, analankhula pa msonkhano wokumbukira zaka 25 za Centesimus Annus, wokonzedwa ndi Pontifical Academy of Social Sciences, bungwe la akatswiri a maphunziro la ku Vatican. Kunali kutatsala masiku 4 kuti anthu a ku New York avote pa chisankho cha chipulula. Sanders ndi Myuda, osati Mkatolika, koma anali atayamikira kwa nthawi yaitali zimene Papa Fransisko ankanena pa nkhani za chuma. Pamsonkhanowo panalinso Evo Morales wa ku Bolivia ndi Rafael Correa wa ku Ecuador, amene anali apulezidenti pa nthawiyo. Chondiseketsa n'chakuti kumenekonso anakangana za amene anamuitana. Margaret Archer, pulezidenti wa bungwelo, anauza atolankhani kuti Sanders anachita kudzipemphera. Episkopi Marcelo Sánchez Sorondo, mkulu wina wa bungwe lomwelo, anatsutsa, n'kunena kuti anamuitana ndi iye. Mmawa wa pa 16 Epulo, Papa akunyamuka kupita ku chilumba cha Lesbos kukaona othawa kwawo, anakumana ndi Sanders kwa kanthawi ku Casa Santa Marta, nyumba imene Papayo ankakhala ku Vatican, n'kupatsana moni. Atafunsidwa m'ndege, Papa anati kupereka moni ndi ulemu chabe, ndipo amene akuona ndale pamenepo akaonane ndi dokotala wa matenda a maganizo. Ku New York anapambana ndi Clinton.

Anatikumbutsanso malamulo a Mpingo a 1983. Lamulo 285 limaletsa ansembe kutenga maudindo olamulira m'boma, ndipo 287 limawaletsa kutenga mbali m'zipani pokhapokha akuluakulu a Mpingo ataona kuti n'kofunika poteteza ufulu wa Mpingo kapena ubwino wa anthu onse. Kwa ife akhristu eni ake nkhani ndi ina: kulowa ndale ndi ntchito yathu, ndipo Mpingo umatilimbikitsa kutero.

Maganizo anga, ngati mungandilole a wapampando, ndi akuti Asisteri aja anachita bwino kumulola. Ndinapita ndili mbali ya okana, koma mafunso awiri aja anandiphunzitsa zambiri za munthuyo kuposa misonkhano yake yonse imene ndinaimverapo. Tikanamubweza pakhomo akanapita kukadandaula kuti Mpingo umasankha. Pamene tinalakwa ndi pa chithunzi, komanso kuti anabwera yekha. Anzake opikisana nawo sanayankhe funso lililonse, ndipo mwina akanazemba chimodzimodzi.

Msonkhano unagwirizana kuti parishi ikafuna kumva andale iitane onse opikisana tsiku limodzi, kudzera m'kalata yosainidwa ndi Bambo Mfumu, osati pa nthawi ya Misa kapena m'tchalitchi. Mafunso akhale amodzi kwa onse, ochokera m'miphakati, ndipo mayankho alembedwe kuti tidzawakumbutse akapambana. Pa nkhani ya mphatso za andale ku zitukuko za parishi sitinamvane; ena akuti zikanidwe nthawi ya kampeni, ena akuti zilandiridwe koma osalengeza dzina paguwa. Aipereka kwa Ambuye Episkopi kuti agamule. Ine ndinavotera zokana, poganiza kuti ndi mmene komiti yathu ikanafunira. Ngati ndinalakwitsa mundiuze.

Mapepala onse ndasiya kwa alembi, pamodzi ndi malisiti a ndalama ya ulendo ndi yotsala. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wa mwezi uno pakhale mfundo ziwiri: kusonkhanitsa mafunso m'miphakati, ndi kuona malipiro a mlonda ndi wophika wa paparishi pathu pompano, tisanayambe kufunsa andale za antchito awo.

Ine nthumwi yanu.