Kalata kwa mnzanga wa ku Cape Town

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tilipo, kungoti magetsi akungozimazima. Tsiku lina tili pakhonde mumdima, mtsikana wanga uja anandifunsa ngati alipo mzimayi amene anatulukirapo nyenyezi. Ndinangoti kukamwa yasa. Chiyambire pamenepo ndakhala ndikuwerenga za Caroline Herschel, ndiye ndati ndikubenthulireko.

Anabadwira ku Hanover, ku Germany, mu 1750. Ali ndi zaka 10 anadwala matenda a typhus n'kupinimbira, mayi ake n'kumusandutsa wantchito wapakhomo. Mu 1772 mlongo wake William anadzamutenga kupita naye ku Bath, ku England, kuti azikaimba. Koma William mtima unali pa nyenyezi, moti nyumba yonse anaisandutsa malo opangira matelesikopu, zipangizo zoonera nyenyezi.

Apa ndi pamene ndinaseka ndekha. Zikombole zoumbira magalasi a matelesikopuwo ankazipanga ndi ndowe za hatchi, ndipo wosinja ndowezo mumtondo n'kumasefa anali Caroline. Tangoganiza, ife timadandaula ndi kukonola chimanga! William akayamba kupukuta galasi sankachotsapo manja, tsiku lina mpaka maola 16, Caroline akumuika chakudya m'kamwa ngati khanda. Usiku, kuzizira kuli tsetsetse, William ali pa telesikopu kufuula zimene akuona, iye akulemba. Kukacha, masamu onse owerengera malo a nyenyezizo ankachita ndi iyeyo. Koma pulaneti ya Uranus itatulukiridwa mu 1781, dzina lomveka linali la William. Si zachilendo kwa ife amayi, eti?

Pa 1 Ogasiti 1786, William atapita ku Germany, Caroline anatenga telesikopu yake yaing'ono n'kupeza nyenyezi ya mchira. Zonse pamodzi anapeza 8. Chaka chotsatira Mfumu George III ya ku Britain inayamba kumulipira mapaundi 50 pachaka, ndipo mu 1828 bungwe la akatswiri a zakuthambo la Royal Astronomical Society linamupatsa mendulo yagolide. Mzimayi wina wodzalandiranso menduloyo anali Vera Rubin, mu 1996. Zaka 168 zonsezo! Caroline anamwalira mu 1848 kwawo ku Hanover ali ndi zaka 97.

Tsono nkhaniyi ikukukhudza iwenso. Mwana wa William, John Herschel, amene Caroline anamukonzera ndandanda wa timitambo ta nyenyezi pafupifupi 2,500, anakhala ku Cape Town konko kuyambira 1834 mpaka 1838, akufufuza thambo la kummwera. Ku Claremont kuli chipilala pamalo pamene panali telesikopu yake. Ukapeza mpata Loweruka lina, kachijambule unditumizire pa WhatsApp, mtsikana wangayu sakundipatsa mpumulo.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale.