Lipoti la msonkhano wa nkhono za m'maiwe a m'mphepete mwa nyanja yamchere

A wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wokambirana za nkhono za zigoba ziwiri, zomwe anthu amakumba m'matope a maiwe osaya olumikizana ndi nyanja yamchere. Munandipatsa funso limodzi: kodi m'kabuku kathu ka kadyedwe koyenera tiziwauza anthu kuti azidya nkhonozi?

Tsiku loyamba tinamva zabwino zokhazokha, ndipo sindichedwapo. Magalamu 100 a nkhono zophika amakhala ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25, mafuta ochepa, komanso ayironi, zinc ndi selenium. Vitamini B12 ndiye wochuluka zedi: munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 2.4 okha patsiku, koma kambale ka nkhonozi kamapitirira mlingowu kambirimbiri. Kwa munthu wochepa magazi, imeneyi ndi ndiwo yamtengo wapatali.

Nkhani inakula tsiku lachiwiri. Nkhono imadya posefa madzi, usana ndi usiku, ili pamalo amodzi m'matope. Dziwe nalo ndi malo omwe madzi a mitsinje amafikira n'kudekha, ndiye chilichonse chomwe mtsinje wanyamula kuchokera ku mafakitale, migodi, minda ndi ngalande za m'mizinda chimadikha pansi pompo pomwe nkhono imakhala. Zitsulo zapoizoni monga mtovu, cadmium ndi mercury zikalowa m'thupi la nkhono zimaunjikana pang'onopang'ono, ndipo nkhonoyo imaoneka yonona bwinobwino. Siisintha fungo, siisintha kakomedwe.

Apa mpomwe ndinasiya kulemba n'kuyamba kumvetsera. Ine ndinapita ndikuganiza kuti kutsuka bwino ndi kuphika mokwanira n'kokwanira. Ayi. Kuviika nkhono m'madzi oyera kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachotsa mchenga ndi mabakiteriya ambiri, ndipo moto umapha tizilombo, koma zitsulozi zimatsalira mu mnofu. Cadmium akalowa mwa munthu amakhala mu impso zaka 10 mpaka 30 asanachepe ndi theka. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo akatswiri a WHO ndi FAO, mabungwe a United Nations oona za umoyo ndi za chakudya, anachotsa mlingo womwe kale ankati ndi wosavulaza, ataona kuti palibe mlingo wa mtovu womwe angaulonjeze kuti ndi wabwino.

Zitsanzo ziwiri zinabwera mobwerezabwereza. Choyamba ndi dziwe la Venice ku Italy. Mu 1983 anabweretsamo mtundu wa nkhono wotchedwa Manila, womwe unaswana kwambiri n'kukhala bizinesi yaikulu. Pafupi pomwepo pali mafakitale a mankhwala a Porto Marghera, ndipo kukumba nkhono m'madzi oyandikana nawo n'koletsedwa. Komabe ena amakumba mobisa, chifukwa malo oletsedwa, posakumbidwa ndi anthu ambiri, amakhala ndi nkhono zochuluka. Nkhono zimenezo zikafika pamsika, wogula sangazisiyanitse ndi zabwino. Chachiwiri ndi Minamata ku Japan, komwe mu 1956 madokotala anazindikira matenda odza ndi mercury yemwe fakitale ya Chisso inkatayira m'nyanja, ndipo anthu anamudya kudzera mu nsomba ndi nkhono. Pangano la mayiko lochepetsa mercury la 2013 linatenga dzina la mzindawu.

Malamulo alipo. Mayiko a European Union salola kugulitsa nkhono zokhala ndi mtovu wopitirira mamiligalamu 1.5 pa kilogalamu, cadmium wopitirira 1.0, kapena mercury wopitirira 0.5. Pa arsenic, poizoni wina wopezeka mu nkhono, tinauzidwa kuti tisamathamangire kuchita mantha ndi manambala akuluakulu, chifukwa wambiri wopezeka m'zakudya za m'nyanja amakhala wamtundu womwe thupi limautulutsa osavulala kwenikweni.

Panali kusagwirizana komwe sikunathe. Gulu lina linkati kuopseza anthu kumawathamangitsa pa chakudya chabwino, pomwe nkhono za m'maiwe ambiri zili pansi pa milingo ya lamulo. Lina linkati milingoyi imateteza munthu wodya mwa apo ndi apo, osati banja la wokumba nkhono lomwe limadya zotsala pamsika tsiku lililonse, ana ndi amayi oyembekezera omwe. Ine ndinaima ndi gulu lachiwiri, ngakhale ndikuvomereza kuti loyambalo silikunama.

Choncho yankho langa kwa inu ndi lakuti tizilembe nkhonozi m'kabuku monga chakudya chopatsa thanzi, koma ndime yomweyo inene kuti chofunika kufunsa ndi komwe zakumbidwa. Zochokera pafupi ndi doko, fakitale, mgodi kapena pomwe ngalande ya mzinda imathirira zisadyedwe, ngakhale zitsukidwe motani. Tionjezeponso kuti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono asazidye tsiku ndi tsiku ngati dziwelo silinapimidwepo. Chiganizo chomwe chili m'kabuku chakuti kuphika bwino kumachotsa zoipa zonse tichisinthe kabukuka kasanapite kosindikiza.

Mapepala omwe ndinalandira kumsonkhano ndawapereka kwa alembi, ndipo malisiti a ulendo ali kwa msungichuma. Ndikupempha kuti ndime yatsopanoyi tiikambirane pa msonkhano wathu wotsatira.

Zikomo.