Wochira aonetse umboni wa magazi

Akonzi,

Mu 1995 namtindi wa anthu udakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe, amene ankati umachiza Edzi. Lero zonena ngati zomwezo zadzaza pa WhatsApp, ndipo zikundidetsa nkhawa.

Munthu akati wachira, timufunse: adayezetsa magazi asanamwe, nayezetsanso atamwa? Kuchipatala chiti? Kunenepa si umboni, poti HIV imatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osadwala.

Msampha weniweni ndi uwu. Ma ARV amachepetsa tizilombo mpaka makina osationa m'magazi, koma tina timabisala m'maselo. Wosiya kumwa ma ARV poganiza kuti wachira, pakangotha masabata ochepa tizilomboto tachulukanso, ndipo kumwa modukizadukiza kumachititsa kuti mankhwalawo asiye kugwira ntchito.

Wailesi zisamaulutse malonda a mankhwala amene akuti amachiza Edzi zisanaone chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA.

Wowerenga wanu,
Liwonde